Makatani, mphasa kapena ma blind: zomwe ndinaphunzira pokonza nyumba yakale ku Domasi

Chaka chathachi abale anga anandisenzetsa udindo wokonza nyumba yomwe malemu agogo athu aamuna anamanga kuno ku Domasi, cha kumtunda mukamalowera ku mishoni. Mayi athu akula, miyendo yayamba kuvuta, ndiye tinagwirizana kuti achoke pa lendi m'tauni ya Zomba abwerere kwawo. Ndalama zambiri ankatumiza ndi achemwali anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ine wanga unali mwendo ndi maso. Malata tinasintha, pansi tinathira simenti yatsopano, ming'alu tinamata. Zonsezo zinayenda. Chomwe chinandichititsa manyazi ndi chinthu chimene ndinkachiyesa chaching'ono: zotchinga m'mazenera.

Ndinayeza zenera limodzi lokha la pabalaza, n'kukagula nsalu imodzimodzi yolemera, yofiirira moderako, ya mazenera onse 8. Atatu sanakwane. Chitsulo chopachikira katani wa pabalaza chinazuka ndi pulasitala yemwe pasanathe sabata. Mu Okutobala mayi anandiitanira kuchipinda kwawo cha m'ma 3 koloko masana n'kundifunsa kuti, "Bambo, kodi mwandibweretsa kwathu kapena mwandiika mu uvuni wa njerwa?" Pofika Febuluwale katani wa chipinda chakuseri anali atachita nkhungu mpaka kununkha. Ndalama inali ya achemwali, yoipeza movutikira kunja, ndipo ndinachita kusowa poyambira powafotokozera.

Ndalemba izi kuti amene muli ndi nyumba zakale m'chigwa muno, kuyambira ku Songani mpaka ku Malosa, muzikhala ndi poyambira. Mitengo sindilemba dala. Chichokereni pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo womwe mwamva lero sufika mwezi wamawa.

Amene anamanga nyumbazi ankadziwa dzuwa

Domasi ali ndi nyumba zakale zambiri kuposa momwe alendo amaganizira. Mishoni ya kuno inayamba mu 1884 ndi Alexander Hetherwick wa mpingo wa ku Scotland, ndipo cha m'ma 1929 boma linatsegula sukulu ya aphunzitsi ya Jeanes, pamalo pomwe pambuyo pake panabwera Malawi Institute of Education. Aphunzitsi, akalaliki ndi amisiri ophunzira m'malo amenewa akamamanga zawo ankatengera zomwe ankaona: njerwa zootcha, zipupa zochindikala, mazenera ang'onoang'ono, ndi khonde lalikulu. Mukapita ku Zomba, womwe unali likulu la dziko mpaka 1975, kaoneni nyumba ya Masongola yomwe inamangidwa mu 1886, ndi nyumba zina zakale za boma m'munsi mwa phiri. Khonde lija si lokhalapo chabe. Ndilo linali katani woyamba wa nyumba.

Ife a lero tikamakonza timagumula zomwe zinkagwira ntchito. Khonde timalitseka kuti likhale chipinda cha anyamata. Tizitseko tamatabwa ta pazenera timatichotsa ati n'zachikale. Zenera laling'ono timalikuza kuti muziwala ngati nyumba za ku Area 47. Ine ndinachita zomwezo: mmisiri wina anandinyengerera kukuza zenera la kuchipinda kwa mayi, ndipo ndinavomera osafunsa kuti zeneralo layang'ana kuti. Layang'ana kumadzulo.

Ngati nyumba yanu idakali ndi tizitseko tamatabwa, chonde musatichotse. Sinthani mahinjesi, pakani penti, basi. Mafelemu ena akale ndi a mkungudza kapena mlombwa, matabwa omwe chiswe sichiwakonda ndipo lero simungawapeze mwachisawawa. Popala penti yakale nyowetsani kaye ndipo ana akhale kutali, chifukwa penti zambiri zakale zinali ndi mtovu, ndipo fumbi lake ndi loipa m'thupi mwa mwana.

Yambani mwadziwa komwe zenera layang'ana

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndipo sipafuna ndalama. Kuno tili pafupifupi madigiri 15 kumwera kwa equator. Dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pa chaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale. Mu Juni ndi Julaye limapendekera kumpoto, moti masana limakhala pa madigiri pafupifupi 51 kuchokera pansi. Mu Disembala limapendekera pang'ono chabe kumwera.

Tanthauzo lake n'lakuti zenera loyang'ana kumpoto ndi bwenzi lanu. Nyengo yotentha dzuwa limakhala pamwamba, denga likangotulukira pang'ono zeneralo limakhala pamthunzi. Nyengo yozizira dzuwa limalowa n'kufunditsa chipinda, nthawi yomwe mukulifunadi. Pamenepo pamangofunika nsalu yopepuka yotchinga maso a odutsa, yomwe mungaikokere pambali masana.

Zenera lakumwera silionana ndi dzuwa kwenikweni, koma ndi komwe kumachokera mphepo yozizira ya mwera, ndipo chiperoni chikagwa chipinda chimenecho chimachita kuluma. Uku ndi komwe katani wochindikala ali ndi ntchito, makamaka ngati zenera ndi la ma louvre, chifukwa timagalasi timeneti sititseka n'komwe mphepo.

Zovuta ndi zakum'mawa ndi zakumadzulo, poti dzuwa limalowa chopingasa ndipo denga silingalitchinge. Chigwa chathu n'chotseguka kum'mawa, cha ku nyanja ya Chilwa, ndiye dzuwa lam'mawa limatipeza msanga. Koma limenelo n'lopiririka chifukwa nyumba imakhala idakali yozizira. Lakumadzulo ndiye mdani. Limafika pomwe malata ndi zipupa zatentha kale tsiku lonse. Amene muli m'tsinde mwenimweni mwa phiri la Zomba kapena la Malosa muli ndi mwayi pang'ono, dzuwa limabisala msanga kuseri kwa phiri. Amene muli kumunsi, cha kumsewu wa M3 ndi kumadambo a mpunga, limakuwombani nthawi yaitali. Musanagule kanthu, imani pazenera lililonse 7 koloko m'mawa, 12 koloko, ndi 4 koloko madzulo, mulembe papepala zomwe mwaona. Ine ndikanachita zimenezi tsiku limodzi lokha ndikanapulumutsa ndalama ya achemwali.

Dzuwa litchingeni lisanafike pagalasi

Chimene sindinkadziwa n'chakuti katani wa mkati satchinga kutentha kwenikweni. Dzuwa likadutsa galasi ndiye kuti lalowa kale m'nyumba. Nsalu yakuda imamwa kutenthako n'kumakutulutsira m'chipinda momwemo, ngati mbaula. Yoyera imabwezako pang'ono, koma chabwino koposa n'kutchinga kunja.

Ndipo chotchingira kunja tili nacho kale kuno, sitichiwerengera chabe: mphasa. Mphasa ya bango imapindika mbali imodzi bwinobwino, imalola mpweya kudutsa, ndipo bango ndi wambiri m'madambo a Chilwa, oluka nawonso sasowa m'misika yathu. Pazenera la mayi ndinachita chonchi. Ndinaitanitsa mphasa yoposa zenera ndi masentimita 20 mbali iliyonse. Kumwamba ndi kumunsi ndinaimangirira ku nsungwi zowongoka, ya kumunsiyo kuti izilemera mphepo isamaiseweretse. Ndinaipachika pa mtanda wa denga, osati pakhoma, kusiya mpata ngati chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchoka pagalasi kuti mpweya wotentha uzikwera n'kutuluka. Zingwe ziwiri zimazungulira pansi pa mphasayo n'kudutsa m'mphete ziwiri zachitsulo kumwamba, moti mdzukulu wa zaka 10 amaikweza yekha. Imatsitsidwa 1 koloko, imakwezedwa dzuwa likabisala. Tsiku loyamba lomwe mayi anagona masana osadandaula.

Pogula mphasa yang'anani ulusi womwe asokera. Chingwe cha khonje chimaola chikanyowa kawirikawiri, cha nayiloni chimalimba ndi mvula koma dzuwa limachifumbutsa pakapita nthawi. Uzani wolukayo kuti mphasayo ndi yopachika, aike mizere ya ulusi pafupipafupi. Igwedezeni: ikamatuluka ufa woyera ndiye kuti tizilombo tofumbula talowa kale, isiyeni. Nsungwi ikhale yokhwima, yodulidwa m'chilimwe. Akuluakulu ankaiviika mumtsinje masabata angapo asanaigwiritse ntchito, ndipo n'zoona zimathandiza, chifukwa madzi amachotsa chakudya chomwe tizilomboto timatsata. Isakhudze pansi, chiswe cha kuno mukuchidziwa. Mvula ikakhazikika mu Disembala ichotseni muisunge mkati, dzuwa lakumadzulo nthawi imeneyo limakhala kale kuseri kwa mitambo masiku ambiri.

Ena anandiseka kuti ndapachika chogonera pakhoma. Nditaipaka vanishi n'kusokerera chitenje m'mphepete, omwewo anayamba kufunsa kuti ndinagula kuti.

Ngati simuli pachangu, bzalani magalagadeya kapena shushu pa thandala kutsogolo kwa zenera lakumadzulo. Mthunzi mupeza, zipatso mupeza. Kungoti thandalalo lisagunde khoma.

Kuyeza

Nyumba yakale ilibe mazenera awiri ofanana, ngakhale maso akuuzeni kuti ndi ofanana. Kwathu kusiyana kunafika masentimita 14. Yezani lililonse palokha, m'lifupi katatu: pamwamba, pakati ndi pansi. Ngati chotchingacho chilowa mkati mwa chibowo cha zenera, tengani muyeso wochepetsetsa n'kuchotsapo sentimita imodzi. Onaninso chomwe chatulukira: zogwirira zotsegulira, ma burglar bar omwe anawotcherera mkati, ma louvre omwe akatseguka theka lake limalowa m'nyumba. Zimenezi n'zomwe zimalepheretsa ma blind ambiri kutsika.

China chosokoneza ndi ma inchi. Agogo anamanga ndi mafiti, matelala ambiri mpaka lero amayeza ndi ma inchi, sitolo ina imagulitsa pa mita, ina pa yadi. Yadi ndi masentimita 91, osati 100. Mukagula mayadi 10 mukuganiza kuti ndi mamita 10, mwaperewera pafupifupi mita yathunthu. Funsani, ndipo papepala lanu lembani miyeso yonse iwiri.

Nachi chitsanzo cha zenera la masentimita 120 m'lifupi ndi 120 m'litali. Chitsulo chopachikira chipitirire ndi masentimita 15 mbali iliyonse, chikhale 150, kuti katani akakokeredwa pambali asatseke kuwala. Nsalu ikhale yotambalala kamodzi ndi theka kapena kawiri kuposa chitsulocho, ndiye kuti masentimita 225 mpaka 300, apo ayi imaoneka ngati mwayanika shiti. M'litali: 120, kuphatikiza 15 kumwamba, 15 kumunsi, ndi 25 yopinda m'mphepete, zonse 175. Chitenje cha mamita awiri chimakhala chotambalala masentimita pafupifupi 110 mpaka 115, ndiye zitenje ziwiri zikwana zenera limeneli, zitatu ngati mukufuna mapindi ambiri.

Nsalu yanji

Chitenje ndi chomwe ndinabwererako nditawotcha ndalama. Chimachapika, chimauma msanga, telala aliyense pakhonde la sitolo amachidziwa. Vuto lake n'kusuluka: dzuwa la chaka chimodzi limadya mtundu mpaka maluwa osaonekanso. Mankhwala ake ndi kusokerera bafuta woyera kumbuyo, mbali yoyang'ana pagalasi. Bafutayo amateteza mtundu, amabweza kuwala, ndipo usiku mukayatsa nyale anthu panja saona zithunzithunzi zanu. Akatha mumasintha bafuta yekha. Nsalu zonse ziwiri zichapeni musanapite nazo kwa telala, thonje limafupika likachapidwa koyamba, ndipo ziwirizi sizifupika mofanana. Yang'ananinso komwe maluwa aloza. Kwa aneba ena nkhanga zonse za pakatani zinaima chadodolido. Za chitenje cha chipani pabalaza sindinenapo zambiri, mukudziwa nokha kuti apongozi anu amavotera kuti.

Makatani a pa kaunjika ndi abwino ngati muli ndi diso. Ambiri anachokera m'nyumba za kumaiko ozizira, ndi aatali, olemera, osokerera kale nsalu kumbuyo. Kwa zenera lakumwera ndi amenewo. Koma atambasuleni pa dzuwa pomwepo pamsika, muone ngati muli mizere yopyapyala m'mapindi, ndipo kokani pang'ono pamzerepo. Nsalu yomwe inapsa ndi dzuwa imang'ambika ngati pepala mukangoichapa. Aja okhala ndi mphira kumbuyo, otseka kuwala konse, kuno sachedwa kusweka ndi kumatirira. Ndipo musakhulupirire kuti awiri omwe amangidwa pamodzi ndi ofanana kutalika. Yezani.

Katani wa neti, woyera uja, ntchito yake ndi imodzi: masana inu mumaona panja, wapanja sakuonani. Usiku mukayatsa magetsi zimatembenuka. Ngati nyumba ili m'mbali mwa njira, neti ikhale ndi mnzake wochindikala.

Pa kutalika, ine ndimatsutsana ndi fashoni. Makatani ofika pansi amakongola pa Facebook, koma nyumba zambiri zakale zinamangidwa popanda pepala lotchinga chinyezi pa maziko, ndipo m'chigwa muno mvula yochokera kuphiri si yamasewera. Amene munali kuno nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 mukukumbukira momwe zipupa zinanyowera mpaka m'mawondo. Nsalu yofika pansi imayamwa chinyezi chimenecho, kuseri kwake mpweya suyenda, nkhungu n'kumera. Kwa munthu wa chifuwa cha mphumu zimenezi si zazing'ono. Katani alekezere masentimita 15 pansi pa zenera, ndipo atalikirane ndi khoma pang'ono.

Popachika

Zipupa zambiri zakale anamangira dothi, simenti ili mu pulasitala mokha, penanso ndi laimu. Mukakhoma msomali pamzere wa dothi umagwira lero, mawa katani ali pansi. Booleni pa njerwa penipeni. Koma njerwa zina n'zofewa, ndiye njira yomwe inandithandiza ndi yomwe kalipentala wina wachikulire anandionetsa: thabwa limodzi lopala, lalitali kuposa zenera, kulimanga kukhoma ndi masikuluwu aatali malo anayi kapena asanu, kenako zogwirira chitsulo kuzimanga pathabwapo. Kulemera kumagawanika. Ngati pamwamba pa zenera pali mtanda wathabwa, ugogodeni kaye. Ukamalira ngati ng'oma, chiswe chinadya kale mkati, ndipo vuto lanu ndi lalikulu kuposa katani.

Zitsulo zopyapyala zonyezimira za m'sitolo zimapindika pakati. Paipi yachitsulo yodutsitsamo mawaya a magetsi, ya mamilimita 20, ndi yolimba komanso yotsika mtengo, ndipo owotcherera a pa Domasi kapena pa Songani akupangirani zogwirira zake mukawapatsa muyeso. Ikapitirira mita ndi theka ikani chogwirira china pakati. Kawaya kotamuka kaja n'ka neti ndi nsalu zopepuka basi.

Ma blind a m'sitolo

Achemwali atamva za uvuni uja anatumiza pa basi ma blind anayi a timizere ta aluminiyamu. Ndinathokoza, koma ndinene zoona: awiri okha ndi omwe anagwira ntchito. Amabwera ndi miyeso ya mazenera a masiku ano, ndipo kuwadula bwino n'kovuta. Fumbi la Seputembala ndi Okutobala limakhala pa kamzere kalikonse, kupukuta kwake ndi ntchito ya Loweruka lathunthu. Kamzere kakapindika sikawongokanso, ndipo kachingwe kakaduka palibe amene amakonza pafupi. Pomwe amathandiza ndi kubafa ndi kukhitchini ya mkati, komwe nsalu imanyowa kapena kumwa mafuta, komanso pazenera lakum'mawa pomwe mukufuna kuchepetsa kuwala koma mphepo izilowabe. Aja okulunga pa kapaipi ndi osavuta kupukuta, koma zenera likakhala lopendama mpata umaonekera mbali imodzi.

Ngati mukuitanitsa kuchokera ku Joni, tumizani miyeso yolembedwa ndi chithunzi cha zenera tepi ili pomwepo, ndipo werengerani ndalama ya wonyamula ndi msonkho wa pachipata. Kawirikawiri mukaphatikiza zonse mupeza kuti kupita ku Limbe kunali kotchipa.

Chenjezo limodzi lomwe ogulitsa sanena: chingwe cha blind cholendewera ngati khwekhwe chapha ana aang'ono pokola pakhosi, moti ku Ulaya anakhwimitsa malamulo a kapangidwe kake mu 2014. Chimangeni pamwamba pa msomali pomwe mwana sangafike, ndipo bedi la mwana lisakhale pansi pake. Zingwe za mphasa yakunja chimodzimodzi.

Udzudzu ndi moto

Katani satchinga udzudzu. Ndi mpunga wothirira womwe tili nawo kumunsiku, udzudzu sutha chaka chonse. Musanawononge ndalama pa nsalu yokongola, yambani mwaika waya wa udzudzu m'mazenera, ndipo tsekani mipata ya pakati pa khoma ndi denga, chifukwa udzudzu wa malungo umakonda kulowera pamenepo. Wayayo aikidwe pa felemu yakeyake yochotseka kuti muzitha kutsuka magalasi. Masikito a mankhwala omwe timalandira kuchipatala ndi ogonamo, osati osoka makatani. Ndipo dziwani kuti katani wochindikala ndi malo omwe udzudzu umabisala masana, muzimukutumula.

Magetsi akazima ambiri timaika kandulo pazenera, poti ndi pamalo pathyathyathya. Nsalu za polyester zikagwira moto zimasungunuka n'kumadontha. Nyumba ya ma burglar bar mazenera onse, moto ukayambira pakatani usiku, potulukira ndi pakhomo pokha. Kwathu ndinakhoma kashelefu ka kandulo kutali ndi zenera, ndipo mayi ndinawagulira nyale ya sola.

Kogula

Mphasa, nsungwi ndi zingwe, yambirani m'misika yathu yomweyi, ndipo ndi bwino kupangana ndi woluka mwiniwake kuti aluke pa muyeso wanu kusiyana n'kudula yoluka kale, chifukwa ikadulidwa imamasuka. Zitenje, bafuta, mphete, mbedza ndi tepi yosokerera kumutu kwa katani zimapezeka mumsika waukulu wa Zomba ndi masitolo ozungulira, ulendo wa makilomita osakwana 20 pa minibasi. Nsalu ya makatani yeniyeni ya pa mpukutu, mitundu yambiri ili ku Limbe ndi ku Blantyre. Mukapita kumeneko gulani yokwanira chipinda chonse tsiku lomwelo kuchokera pa mpukutu umodzi, n'kuwonjezera theka la mita, chifukwa mukabwerera mwezi wamawa mupeza yatha kapena mtundu wasiyana pang'ono.

Kwa telala musapereke nsalu yonse nthawi imodzi. Asoke zenera limodzi, mukapachike, muone. Ngati n'kotheka mulipirireni kabaza abwere adzayeze yekha, kuti pakalakwika pasakhale kulozana zala. Ndipo zonsezi zichitike kumapeto, pulasitala atauma ndi penti itatha, popeza pulasitala watsopano amasintha muyeso wa chibowo cha zenera.

Makatani ofiirira aja sanatayidwe onse. Awiri ali pazenera lakumwera komwe mu Julaye amagwiradi ntchito, ena mayi anawasoketsa zovundikira mipando. Ma blind awiri otsala adakali m'katoni pamwamba pa wadilopu, ndipo achemwali akubwera pa Khrisimasi. Ndikuganizabe choti ndidzawauze.